Nyumba ya Mabuku ndi Khomo Lace

M'matauni ang'ono ambiri muli nyumba imodzi imene anthu aipitirira masiku onse osaiyang'ana. Siiposa sitolo kukula, ndipo siicita phokoso monga msika. Dzina lace ndi laibulale, ndiko kuti nyumba ya mabuku a anthu onse. M'katimo muli mashelefu, matebulo, mipando, ndi munthu mmodzi kapena awiri osunga mabuku. Nchito yace ndi yakuti munthu ali yense alowe nawerenge, ndipo akalembetsa dzina lace abwereke buku, apite nalo kwao masiku owerengeka.

Zaka zino nyumba zimenezi ziri kusintha. Zina zalandira makompyuta, zina ziri ndi intaneti, zina zisonkhanitsa ana ang'ono kuti adzamve nthano. Anthu atsutsana pa za kusinthaku. Ena akondwera ndi cinthu ciri conse catsopano, ena adandaula kuti zabwino za kale zatha. Koma pali muyeso umodzi woyesera zonsezi, ndiwo uwu: kodi cosinthaco cithandiza munthu amene alibe kwina kophunzira, kapena cimtsekera kunja? Pakuti mwana wa munthu wolemera ali nao mabuku kwao, ndipo mwana wa pa sukulu ali naye mphunzitsi. Koma mnyamata amene analeka sukulu posowa ndalama, mtsikana amene anakwatiwa asanatsirize, ndi mlimi wofuna kudziwa matenda a mbeu zace, amenewa alibe kwina kopita. Iwowa ndiwo eni ace eni-eni a laibulale.

Khomo limeneli silinali lotseguka kuyambira kale. Malaibulale oyamba m'dziko lino, pamene linali kuchedwa Northern Rhodesia, anali m'matauni, ndipo anali a anthu olipira ndalama, makamaka Azungu. Munthu wa kumudzi wodziwa kuwerenga anali nalo Baibulo, buku la nyimbo, ndi mabuku pang'ono a ku misyoni. Akawatsiriza anayambanso omwewo. M'caka ca 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu, panayamba nchito ya Boma yofalitsa mabuku, imene ichedwa Zambia Library Service, ndipo a Ford Foundation a ku America anathandizapo ndi ndalama. Nchitoyi inatsegula malaibulale m'matauni a m'zigawo monga Chipata, Kasama, Mansa, Mongu, Solwezi ndi Choma, niitumizanso mabuku ku masukulu ndi ku malo ena akutali. Colinga cace cinali cakuti buku lifike kumene kuli anthu, lingakhale kutali ndi njanje. Tsono mwana wolowa m'laibulale lero alowa pa khomo limene makolo a makolo ace sanaloledwe kulowapo. Cinthu cotere sicitayidwa mwacibwana.

Kuti laibulale yaing'ono ikhoza kucita zazikuru, umboni wace uli pafupi, tsidya la malire a Cigawo ca Kum'mawa, m'boma la Kasungu ku Malawi. Kumeneko kunagwa njala yoopsa m'zaka za 2001 ndi 2002. Mnyamata wina, dzina lace William Kamkwamba, analeka sukulu ya sekondale cifukwa makolo ace analibe ndalama zomlipirira. Posafuna kukhala cabe, anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. M'menemo anapeza buku lochedwa Using Energy, limene pacikuto pace panali cithunzi ca makina oyenda ndi mphepo. Cizungu cinambvuta, koma anapenyetsetsa zithunzi, nafunsa matanthauzo a mau amene anamkanika. Pambuyo pace anatola zitsulo zotayidwa, mapaipi, njinga yakutha ndi dainamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugama pa mudzi wa kwao. Mphepo itaomba, nyali ya magetsi inayaka. Pamenepo anali wa zaka 14. Mbiri yace inamveka kutali, anabwerera ku sukulu, ndipo m'caka ca 2014 anatsiriza maphunziro ace pa Dartmouth College ku America.

Nkhani imeneyi anthu aikonda cifukwa ca nzeru za mnyamatayo, ndipo ayenera kutero. Koma pali cina cimene aciiwala. Mnyamatayo sanali mwana wa sukulu pa nthawi ija, analibenso ndalama. Cikhala kuti pa khomo anamfunsa yunifomu, kapena ndalama yolowera, akadabwerera, ndipo makina aja sakadaimikidwa. Nzeru zinali zace, koma khomo linali la laibulale.

Cifukwa cace, poyesa zosintha za masiku ano, ciyenera kuyamba kuyesedwa ndi ndalama. Nzoona kuti nyumba ya mabuku idya ndalama: denga lidontha, ciswe cilowa, magetsi afuna kulipiridwa. Osunga mabuku akapempha kandalama kolembetsera dzina sacita cifukwa ca umbombo ai. Komabe kandalama kamene kacepa m'maso mwa munthu wa nchito ya pa mwezi ndi phiri kwa mwana wamasiye. Ngati ndalama ifunika, aipereke akuru amene ali nayo, ndi makonsolo, ndi eni masitolo a m'tauni. Koma mwana alowe ulere. Akuru anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Tauni imene iphunzitsa mwana wosauka idzadya za m'manja mwace.

Caciwiri ndi mipando. M'malo ambiri, nyengo ya mayeso ikayandikira, laibulale idzala ndi ana a sekondale amene abwera ndi makope ao, nakhala tsiku lonse osakhudza buku ngakhale limodzi la pa shelefu. Palibe colakwa m'menemo, pakuti ambiri kwao kulibe tebulo kapena nyali, ndipo malo a bata ndi thandizo lalikuru. Koma laibulale ikasanduka cipinda ca mayeso cokha, mai wa mwana kumbuyo aona manyazi kulowamo, ndipo tiana tithamangitsidwa kuti tisasokose. Wosunga mabuku wanzeru apatula ngodya ya ana ang'ono, ngakhale pa mphasa pansi pa mtengo, napatulanso nthawi ya anthu akuru. Nayonso nthawi yotsegula iyenera kuganiziridwa bwino. Nyumba yotseguka pa maola okhawo amene anthu ali ku nchito ndi kumunda, niitsekedwa pamene aweruka, ifanana ndi citsime cimene cikhala ndi madzi pa dzinja pokha.

Cacitatu ndi cinenero. Mabuku ambiri a m'malaibulale ang'ono ndi mphatso zocokera kutsidya kwa nyanja. Ena ndi abwino ndithu, monga lija linathandiza Kamkwamba. Koma ena anena za zinthu zimene mwana wa ku Katete kapena ku Petauke sanazione, ndipo onse ali m'Cizungu. Munthu amene analekera sukulu panjira akapeza kuti palibe buku limodzi lolankhula cinenero cace, aganiza kuti nyumbayo si yace, ndipo sabweranso. Mabuku a Cinyanja alipo, ndipo sanayambe dzulo: buku la Nthondo, lolembedwa ndi mphunzitsi Samuel Josiah Nthara, linasindikizidwa m'caka ca 1933. Shelefu ya mabuku otere iyenera kukhala pafupi ndi khomo, poonekera. Mwana amene wakonda kuwerenga m'cinenero ca mai wace sabvutika kuolokera ku Cizungu, pakuti mwendo wozolowera njira ya kumunda ukhoza kuyendanso pa mseu.

Cacinai ndico makompyuta. Alipo anthu onena kuti popeza foni ya m'manja inafika m'midzi, laibulale yatha nchito. Mau amenewa anenedwa ndi munthu amene ali nayo foni yabwino ndi ndalama za intaneti. Kwa iye amene alibe, kompyuta ya m'laibulale ndiyo njira yace yokha yolembera kalata yofunsira nchito kapena malo a maphunziro. Motero makompyuta apambana pa muyeso uja, malinga asakhale a anyamata awiri atatu ocenjera okha, koma pakhale nthawi yoikika ya ali yense, atsikana pamodzi ndi anyamata, ndi munthu wophunzitsa amene sanaigwirepo. Citsanzo ca nchito yotere cinaoneka pa malaibulale a Lubuto, dzina la Cibemba lotanthauza kuwala. Yoyamba inatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 2007 poganizira ana okhala m'miseu, ndipo ina inamangidwa pa mudzi wa Nabukuyu, m'boma la Monze. Kumeneko anaika mabuku pamodzi ndi nthano, masewero, kujambula ndi makompyuta, ndipo mwana wosapita ku sukulu analandiridwa cimodzi-modzi ndi mnzace wa pa sukulu.

Pali dandaulo lina limene osunga mabuku alinena kawiri-kawiri, lakuti mabuku obwereketsa abwera ong'ambika, ndipo ena sabwera konse. Dandaulo ili ndi loona. Koma walira mvula walira matope. Buku lokhala m'kabati yokiya zaka khumi, loyera monga linabwerera, silinagwire nchito yace. Lija lakuda ndi zala za anthu makumi asanu ndilo lapindula. Mankhwala a bvutoli si kukiya kabati ai, koma kuphunzitsa obwereka.

Apa ndipo pali gawo la ana a sukulu. Mwana wobwereka buku asambe m'manja asanalitsegule, asapinde masamba ace, alisunge kutali ndi moto, mvula ndi ciswe, ndipo alibweze pa tsiku lace, pokumbukira kuti mnzace ali kuliyembekeza. Akasowa cimene afuna asacite manyazi kufunsa wosunga mabuku, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo koposa zonse, ngati adziwa mnzace amene analeka sukulu, ampite naye, amuonetse khomo, namuuze kuti nyumbayo ndi yacenso. Ambiri salowamo cifukwa palibe anawauza kuti aloledwa.

Laibulale ya m'tauni yaing'ono idzasinthabe, monga zisintha zinthu zonse. Mashelefu adzasunthidwa, makina atsopano adzabwera, ena adzatha. Zimenezi siziopsa. Coopsa ndi tsiku limene mwana wopanda nsapato adzaima pa khomo, nadzayang'ana m'kati, ndi kubwerera.

Mafunso

1. Kodi ndi muyeso wotani umene uyenera kuyesera zosintha za m'laibulale?
2. Kodi nchito ya Zambia Library Service inayamba caka citi, ndipo colinga cace cinali cotani?
3. Chulani zinthu zitatu zimene William Kamkwamba anapangira makina ace.
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, walira mvula walira matope.
5. Lembani kalata kwa wosunga mabuku, yomuuza mabuku amene anthu a kwanu angakonde kuwerenga.