NYANJA NDI YATHU? NANGA NYALI ZAKE ZILI KUTI?



Lero tikamba za nyanja. Tikudziwa ena mwayamba kale kuti: "Aise, ife tili m'tauni, za masitima zikutikhudza pati?" Taonani m'mbale mwanu. Usipa, utaka ndi bonya zimene tikudyera nsima masiku ovuta ano sizimera ku Lizulu. Pali mnyamata wa msinkhu wathu amene amapalasa bwato usiku, nyali zili kumbuyo kwake, kukokera usipa ku chilimira. Pali mayi amene amakwera boti ndi madengu a nsomba, mwana ali kumsana. Anthu amenewa akapanda kubwerera kumtunda, maliro ake amafika mpaka kuno.

Nkhani ya malire ndi Tanzania ikabuka, atsogoleri athu amatukumula zifuwa, kutikumbutsa za pangano la Heligoland la 1890, kuti nyanja ndi yathu. Chabwino, sitikukana. Koma mwini munda amadziwika ndi khasu. Mwini nyanja amadziwika ndi nyali zoyaka m'madoko, mapu olondola, machenjezo ofika pa nthawi yake ndi boti lopulumutsa anthu lokhala ndi mafuta.

Nyanja ya Malawi si dziwe. M'litali ndi makilomita oposa 500, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Mwera ukayamba kuomba m'miyezi yozizira, mafunde ake sasankha munthu. Pa 30 July 1946, sitima ya Vipya, idakali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Chilumba, anthu 145 n'kumwalira. Mu April 2017, pa nyengo ya Pasaka, boti lodzaza ndi anthu ochokera kumapemphero linagubuduzika ku Mlowe, m'boma la Rumphi. Tinalira, akuluakulu anapepesa, kenako ziii.

Kuyenda bwino panyanja kumadalira ntchito zisanu, ndipo zonsezo ndi za boma.

Yoyamba ndi zizindikiro: nyali za m'madoko ndi m'zilumba, komanso zoyandama zosonyeza pamene pali miyala kapena mchenga. Woyendetsa sitima usiku maso ake ndi amenewo. Pamsewu ma robot akafa timatukwana tsiku lomwelo. Panyanja nyali ikafa, amene akudziwa ndi msodzi yekha.

Yachiwiri ndi mapu a pansi pa madzi. Mitsinje imakokolola dothi la m'mapiri amene tinawameta mitengo n'kukalithira m'magombe. Madzi a nyanja nawo amakwera ndi kutsika. Mu 2024 tinaona nyumba ndi malo ogona alendo zitamira ku Mangochi ndi ku Salima. Mapu oyezedwa kale amanamiza woyendetsa lero.

Yachitatu ndi machenjezo a nyengo. Nthambi yoona za nyengo imachenjeza za mwera, zimenezo timayamika. Koma chenjezo loikidwa pa Facebook limamupeza bwanji msodzi wa ku Usisya kapena ku Makanjira amene alibe bandulo, mwinanso netiweki?

Yachinayi ndi kuyendera maboti: lili ndi chiphaso kodi, likunyamula anthu angati, majekete opulumutsa moyo alimo okwana? Lamulo lilipo, la Inland Waters Shipping Act la 1995. Nthambi ya zapamadzi mu Unduna wa Zamtengatenga ilipo. Sukulu yophunzitsa za pamadzi ku Monkey Bay ilipo. Chimene tikufunsa ndi chakuti zonsezi zikuoneka bwanji pagombe pamene anthu akukwerera.

Yachisanu ndi kupulumutsa. Boti likagubuduzika, oyamba kufika amakhala asodzi anzawo ndi mabwato awo. Ndi ngwazi, inde, koma dziko silingasiye ntchito yotere m'manja mwa anthu opanda zipangizo.

Ndiye taonani Ilala. Inamangidwa ku Scotland, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Agogo athu anaikwera ali anyamata, ife tikuikwerabe. Kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, m'malo ambiri imene imaima mulibe pokocheza. Imaponya nangula patali, anthu n'kumatsikira m'timaboti, kenako n'kuyenda m'madzi, matumba a chimanga ali pamutu, odwala ndi okalamba atanyamulidwa. Ilala ikapita kokakonzedwa, anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amadziwira pa mitengo ya zinthu m'magolosale ndi pa maboti ang'onoang'ono odzaza mopyola muyeso.

Adzatiuza kuti masitima anaperekedwa ku kampani mu 2010. Kampani ikhoza kugulitsa matikiti, koma udindo woteteza moyo wa nzika sugulitsidwa. Adzatiuzanso kuti ndalama palibe. Zoona zimenezo? Chaka chomwecho cha 2010 tinachita chikondwerero chotsegulira doko la Nsanje, alendo ochokera kunja ali pomwepo, ndipo mpaka lero masitima a katundu sakocheza. Ya riboni ndi ng'oma imapezeka. Ya nyali yoyendera dzuwa pagombe ndiye yasowa, eti? Vuto lake n'lakuti nyali ndi mapu sizidulidwa riboni, ndiye siziwinitsa mavoti.

Zimene tikufuna ndi izi:

1. Unduna wa Zamtengatenga utulutse poyera mndandanda wa nyali ndi zizindikiro zonse za panyanja, zogwira ntchito ndi zakufa, komanso tsiku limene zakufazo zidzakonzedwe.
2. Atiuze chaka chimene doko lililonse, Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba, linayezedwa kuya komaliza.
3. Machenjezo a mwera azitumizidwa pa SMS yaulere ndi pa mawailesi a m'madera, mu Chichewa, Chiyao, Chitonga, Chitumbuka ndi Chinkhonde.
4. Pakhale nambala imodzi yaulere ya ngozi za pamadzi, ndi boti lopulumutsa anthu m'boma lililonse la m'mbali mwa nyanja.
5. Boti lonyamula anthu lisanyamuke opanda jekete la munthu aliyense, ndipo amene walandira chiphuphu kuti alilole, akayankhe kukhoti.

Ife tichite mbali yathu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiligwiritse ntchito, tilembe makalata, tifunse. Muli ndi m'bale kunyanja? Muimbireni, mumufunse ngati nyali ya pagombe lawo imayaka, ajambule, atitumizire. Phungu wanu mufunseni mafunso omwewa pamaso pa anthu. Ndipo inuyo popita ku Likoma kapena ku Cape Maclear pa Khirisimasi, boti likadzaza, tsikani. Funsani jekete mopanda manyazi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tumizani uthengawu m'magulu anu onse, makamaka kwa abale athu a m'mbali mwa nyanja. Nyanja ndi yathu, ndiye aiyatse.