KODI KUTSUKULUZA DOTHI KUMACHIRITSA CHAMBA CHODWALA?

Chiyambire m'chaka cha 2020, pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, mbewu imene kale inkatchulidwa monong'ona yayamba kukambidwa poyera monga momwe tikambira za fodya kapena thonje. Ndiyenera kunena msanga kuti lamulolo silinatsegulire aliyense chitseko. Wolima ayenera kukhala ndi chilolezo chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo kusuta chamba ukadali mlandu monga kale. Amene ndilankhula nawo pano ndi achinyamata otsiriza sukulu amene angalembedwe ntchito m'minda ya chilolezo, ndiponso aphunzitsi anzanga a sayansi ndi a ulimi, amene ana adzawafunsa mafunso otere m'kalasi.

Mbewuyi yabwera ndi ziphunzitso zake. Zambiri mwa izo zachokera pa intaneti, kwa alimi a ku America ndi ku Ulaya amene amalima chamba m'miphika, m'kati mwa nyumba, pansi pa nyali za magetsi. Chimodzi mwa ziphunzitsozo ndi chimene eni ake amachitcha flushing, ndiko kutsukuluza dothi. Amati masamba akayamba chikasu, kapena nsonga zake zikayamba kupserera, uthire madzi okhaokha mumphika, ochuluka katatu kuposa kukula kwa mphikawo, mpaka ayenderere pansi ndi kuchotsa zoipa zonse. Langizoli ndi lokoma kumva chifukwa ndi lapafupi: silifuna kuyeza kanthu, silifuna kuganiza, ndowa ndi madzi basi. Maganizo anga ndi akuti kutsukuluza ndi mankhwala enieni, koma a nthenda imodzi yokha, ndipo amene awamwetsa mbewu pa nthenda iliyonse amapha zambiri kuposa zimene amachiritsa.

Tiyambe ndi nthenda imene mankhwalawa amachiritsadi. Fetereza wa m'thumba kapena wa m'botolo ndi mchere, ngakhale kuti si wothira m'ndiwo. Mlimi akamathira fetereza wosungunula m'madzi tsiku ndi tsiku mumphika, mbewu imamwa gawo lina, madzi amauma ndi kutentha, ndipo mchere wotsala umaunjikana m'dothi. Aliyense amene anaphunzira za osmosis akumbukira chimene chimachitikira kachidutswa ka mbatata kakaikidwa m'madzi a mchere wambiri: kamafota, pakuti madzi amatuluka m'kati mwake kunka kumene kuli mchere wochuluka. Mizu nayonso imakumana ndi zomwezo. Imalephera kukoka madzi, mbewu nkumafota dothi lili lonyowa. Nsonga za masamba zimapsa, ndipo nthawi zina pamwamba pa dothi kapena m'mbali mwa mphika pamaoneka zoyera ngati phulusa. Apa kutsukuluza ndi nzeru. Madzi oyera amasungunula mcherewo ndi kutuluka nawo pa zibowo za pansi, ndipo mizu imapuma. Nzeru imeneyi si ya alimi a chamba okha. Ndi momwe akatswiri a ulimi wothirira amakonzera minda yowonongeka ndi mchere, malinga ngati pali ngalande zotulutsira madziwo kutali.

Mawu akuti malinga ngati ndiwo amene ambiri amawalumpha. Madzi otsukuluzira ayenera kukhala ndi kopita. Mumphika wa zibowo zabwino, wodzazidwa ndi makoko a kokonati kapena dothi lopepuka, madzi amadutsa msanga ndipo mpweya umabwereranso ku mizu. Koma m'munda wa makande, kapena mumphika wa dothi lomata, madzi amangoima. Mizu imapuma mpweya monga ife, ndipo ikamizidwa kwa masiku angapo imayamba kuola. Tizilombo tokonda chinyezi, monga Pythium, timapezerapo mwayi. Tsono taonani msampha wake: mbewu yothiriridwa mopitirira muyeso imaonetsa masamba achikasu ndi ogwa, zizindikiro zomwezo zimene zimachititsa mlimi kuthamangira ndowa. Munthu akumira m'madzi, ife nkumamupatsa chikho kuti amwe.

Pali nthenda yachiwiri imene kutsukuluza kumaikulitsa, ndiyo njala. Masamba a m'munsi akamasanduka achikasu pamene a pamwamba akadali obiriwira, kawirikawiri mbewu ikusowa nayitrojeni, ndipo ikusamutsa wochepa amene ili naye kuchoka ku masamba akale kunka ku atsopano. Nayitrojeni wa mtundu wa nayitireti sagwira ku dothi; ndiye woyamba kukokoloka ndi madzi. Mlimi wa chimanga amazidziwa bwino zimenezi, ndipo sathira fetereza wobereketsa pamene mvula yamkuntho ili pafupi kugwa. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, ndipo aliyense akudziwa mtengo wake wa thumbalo masiku ano. Kutsukuluza mbewu ya njala ndi kutaya chakudya chimene chinatsala m'mbale ya wodwala. Ndipo chakudyacho sichisowa chabe: chimatsikira pansi, kumene kuli madzi a zitsime zimene anthu amamwa.

Tsopano tifike pa nkhani ya pH, pamene pali chisokonezo chachikulu. Muyeso umenewu anauyambitsa ndi Søren Sørensen, katswiri wa ku Denmark, m'chaka cha 1909, akugwira ntchito ku Carlsberg Laboratory mumzinda wa Copenhagen. Umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Pakati pake, pa 7, ndi pa madzi oyera. Kutsika pansi pa 7 ndi kunka ku asidi, mbali ya mandimu ndi bwemba. Kukwera pamwamba pa 7 ndi kunka ku mbali ya chidulo chimene amayi amatcheza ku phulusa pophika therere. Chimene ophunzira amaiwala msanga akangolemba mayeso n'chakuti sitepe iliyonse ndi kakhumi: dothi la pH 5 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la pH 6, ndipo ka 100 kuposa la pH 7.

Chamba chobzalidwa m'dothi chimakondwa pakati pa 6 ndi 7. Cha m'makoko a kokonati kapena m'madzi okhaokha chimafuna pansi pang'ono, pakati pa 5.5 ndi 6.5. Kunja kwa malire amenewa chakudya chimakhalamo m'dothi koma mizu singachitenge, ngati nkhokwe yodzaza imene makwerero ake achotsedwa. pH ikakwera kwambiri, ayironi ndi manganizi zimamangika, ndipo masamba anthete a kunsonga amayera pakati pa mitsempha yake. Ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka ndi kupsereza nsonga za mizu, ndipo fosiforasi amagwidwa osapezekanso.

Kodi madzi angakonze zimenezi? Yankho lili m'mapiri athu omwe. Ku Mulanje ndi ku Thyolo mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, ndipo nthaka ya kumeneko yakhala ikutsukuluzidwa chaka ndi chaka kuyambira makolo athu asanabadwe. Chikhala kuti kutsukuluza kumachotsa asidi, bwenzi nthaka imeneyo ili yopanda asidi konse. Koma zoona zake n'zotembenuka: ndi nthaka ya asidi wambiri, ndipo n'chifukwa chake tiyi, amene amakonda nthaka yotero, amachita bwino kumeneko. Madzi odutsa m'nthaka amanyamula kashiyamu, maginiziyamu ndi potaziyamu, zomwe zimaletsa asidi, ndi kusiya m'mbuyo zimene zimauchulukitsa. Ngakhale mvula yeniyeniyo, yosadetsedwa ndi utsi, ili ndi pH ya pafupifupi 5.6 kaamba ka mpweya wa kaboni dayokisaidi umene imatenga m'mlengalenga.

Chifukwa china n'chakuti asidi wa m'dothi sali m'madzi a m'dothimo okha. Wochuluka wake wamatirira pa timibulu ta dongo ndi ta manyowa. Ukatsuka wa m'madzi, dongo limatulutsa wina kulowa m'malo mwake, ndipo pakapita masiku owerengeka pH imabwerera pomwe inali. Mankhwala a nthaka ya asidi ndi laimu wa ulimi, makamaka wa dolomaiti amene ali ndi maginiziyamu, ndipo amagwira ntchito pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi. N'chifukwa chake amathiridwa munthu asanabzale. Ndi bwinonso kuyang'ana fetereza amene tikuthira, pakuti salufeti wa amoniya amawawasitsa nthaka msanga kuposa CAN. Kutsukuluza osasintha fetereza ndi kusesa m'nyumba denga likudontha.

Nanga ngati pH yakwera? Apa mlandu kawirikawiri umakhala wa madzi othirira omwewo. Madzi a mijigo yambiri ali ndi laimu wosungunuka. Amene ketulo yake imachita zoyera zolimba m'kati wauona kale umboni wake. Madzi otere amakweza pH ya mumphika pang'onopang'ono nthawi iliyonse tikathirira. M'madera ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi a pansi ndi amchere ndithu, oti ngakhale lilime limamva. Kutsukuluza mphika ndi madzi a mjigo womwewo umene wadwalitsa mbewu ndi kuonjezera nthenda katatu pa tsiku limodzi. Mlimi wa ku Colorado amene analemba langizo lija mwina ali ndi makina osefera madzi ndi kabotolo ka asidi kotsitsira pH. Ife tikatenga theka la langizo lake ndi kusiya theka linalo, tisadabwe ndi zotsatira zake.

Ndivomereze kuti pali malo amodzi pamene kutsukuluza kumathandiza pH. M'makoko a kokonati, kapena m'zobzalamo zina zopanda dongo, mulibe zambiri zosunga asidi, choncho madzi amene pH yake yakonzedwa bwino akhoza kulowa m'malo mwa akale ndi kubweza zinthu m'malo mwake. Koma ngakhale pamenepo chothandiza ndi kukonzedwa kwa madziwo, osati kuchuluka kwake. Ndipo akangotha kutsukuluza, mlimi ayenera kuthira fetereza wosungunula pang'ono nthawi yomweyo, pakuti m'makokomo mulibe chakudya china chosungidwa.

Pali mtundu wina wa kutsukuluza umene ndingoukhudza mwachidule. Alimi ambiri a kunja amaleka fetereza sabata imodzi kapena ziwiri asanakolole, namathira madzi okhaokha, pokhulupirira kuti potero amachotsa fetereza m'maluwa. Koma chakudya chimene chalowa kale m'thupi la mbewu sichituluka chifukwa chakuti tanyowetsa mizu, monganso nsima ya dzulo situluka m'mafupa mwathu tikasamba. Jonathan Stemeroff, pa kafukufuku wake wa m'chaka cha 2017 ku University of Guelph m'dziko la Canada, anayeza maluwa a mbewu zotsukuluzidwa ndi zosatsukuluzidwa, napeza kuti michere ya m'maluwamo sinasiyane kwenikweni. Phindu limene lingakhalepo ndi kupulumutsa ndalama za fetereza wa masiku otsiriza, ndipo limenelo ndi phindu loona. Koma tilitchule ndi dzina lake, tisalitche kuyeretsa.

Tisaiwalenso mtengo wa madzi. Mphika wa malita 20 umafuna malita 60 pa kutsukuluza kumodzi. Pa miphika 500 ndiye malita 30,000, m'mwezi wa Okutobala, pamene amayi a m'mudzi woyandikana nawo akulawirira m'bandakucha kukaima pa mzere ku mjigo.

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi wofunsidwa ndi dothi lenilenilo. Wogwira ntchito m'munda wa chilolezo asanakhudze ndowa, ayambe wanyamula mphika kuti amve kulemera kwake. Wolemera ndi wonyowa kale, sufuna madzi ena. Aone masamba amene akudwala, ngati ndi a m'munsi kapena a kunsonga. Kenaka athire madzi pang'ono, atape otuluka pansi, ayeze pH yake ndi mchere wake. Kachipangizo koyezera mchere kamagwiritsa ntchito mfundo ya fizikisi ya ku sekondale, yakuti madzi a mchere wambiri amadutsitsa magetsi mosavuta. Ngati madzi otuluka ali ndi mchere wochuluka kwambiri kuposa amene analowa, atsukuluze ndi mtima wonse. Ngati sichoncho, nthenda ili pena. Ayezenso madzi a mjigo wake. Za dothi la m'munda, malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe ali ndi ma labotale oyezera nthaka, ndipo nthawi yotumiza dothi ndi munthu asanabzale. Mlimi wa m'miphika amene amalola kuti madzi pang'ono aziyenderera pansi nthawi iliyonse akathirira sadzafunanso kutsukuluza kwakukulu, chifukwa mchere supeza mpata wounjikana.

Kwa aphunzitsi anzanga, zonsezi zikhoza kuonetsedwa pa sukulu popanda kuyandikira chamba, chimene sichiyenera kupezeka pa bwalo la sukulu. Tomato amadwala nthenda zomwezi. Bzalani mbande zinayi m'machubu a ku nazale. Ziwiri muzithire fetereza wopitirira muyeso, zina ziwiri muzibzale mumchenga wa kumtsinje osathira kanthu. Zikayamba kudwala, tsukuluzani imodzi pa gulu lililonse, inayo muisiye. Ana alembe m'makope mwawo zimene akuona kwa masabata awiri, ndipo ayeze madzi otuluka pansi ndi pepala loyezera pH. Pamene palibe pepalalo, madzi owiritsira kabichi wofiira amasanduka ofiira m'asidi ndi obiriwira m'chidulo, ndipo amakwanira pa phunziro lotere.