Kombi ya amalume siipita pa sikelo

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mikolongwe kuli Kombi ya malemu amalume, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe. Matayala anaphwa kalekale, nkhuku zimaikiramo mazira. Sabata yatha kunabwera anyamata ogula zitsulo, sikelo ili m'manja, ndipo achimwene avomera kale. Akuti chiphakasachi chikungodya malo, bola tigulitse, tiwonjezere ndalama tigule Sienta. Ine ndakana, ndipo ndikakananso pa msonkhano wa banja Loweruka.

Iyitu si galimoto wamba, ndi kanyumba koyenda. Mpando wakumbuyo umatambasuka n'kukhala bedi, muli timakabati ndi kathebulo kopinda. Kampani ya Westfalia ku Germany inayamba kusandutsa ma Volkswagen kukhala otere mu 1951. Zitseko za timakabatito zikutsekabe bwinobwino, pomwe wadirobu yomwe ndinagula nditamaliza ku koleji inagwa m'mimba dzinja limodzi lokha.

Koma chomwe ndikulimbira ine ndi injini. Ili kumbuyo, imazizira ndi mpweya, ndiye za radiyeta kapena paipi yamadzi yophulika palibe. Mabawuti anayi okha ndi amene amaigwirizitsa ku giyabokosi. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, ali ndi masipanala ndi jeke, amaitsitsa n'kuibwezera tsiku lomwelo. Nanga Sienta? Imafika kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe itatopa kale ku Japan. Kakangoyaka kanyali pa dashibodi, basi, ulendo wa ku Limbe kukaiika pa kompyuta. Giyabokosi ikafa, ambiri sakonza, amangogula ina yakale yomwe sakudziwa kuti yatsala ndi miyezi ingati. Sindikunyoza, aise; ma Sienta a mumsewu wa Midima akudyetsa mabanja. Koma ndiuzeni, ndi angati mwa iwo adzapezeke kuseri kwa nyumba ali athunthu zidzukulu zitakula?

Zoipa zake ndikuzidziwa, musandikumbutse. Dzimbiri ladya m'munsi mwa zitseko. Pa chitunda imakwawa ngati nanzikambe. Mukawombana ndi lole, bampala ndi mawondo anu. Ngakhale ku Brazil, komwe inakakamira kupangidwa mpaka 2013, inasiyidwa chifukwa malamulo anayamba kufuna ma airbag ndi mabuleki a ABS. Nanenso sindingaiike pa siteji kuti izinyamula anthu.

Chondinyansa n'chakuti azungu akafika ku Cape Maclear pa galimoto zogonamo zangati yomweyi, timazizungulira n'kumajambulitsa, eti zokongola. Yathu ndiye tiiyeze pa kilo ngati mabekete obowoka, idulidwe mbaula?

Dzulo ndinathamangitsa nkhuku, n'kuthira oyilo m'mabowo a mapulagi. M'mawa uno ndakola sipanala pa pule n'kukoka. Poyamba inakana. Kenako yatembenuka, pang'ono pokha, achimwene ali chiimire pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja.