Kodi Nkhondo ya Ciwaya Anaisenza Ndani?

Tsiku lina m'mwezi wa November, ana atatuluka kukasewera, ife aphunzitsi a pa sukulu yathu kuno ku Nguludi tinakhala pamthunzi, ndipo mmodzi wa ife, mnyamata wacangu amene sanathe zaka zambiri pa nchito, anatulutsa foni yace natisonyeza cithunzi ca Mzungu wobvala cipewa copinda mbali imodzi. Anati, "Aphunzitsi akulu, uyu ndiye Paul von Lettow-Vorbeck, Mkango wa mu Africa. Anamenyana ndi Angerezi zaka zinai osagonja, ndipo asilikari ace akuda anamkonda kufikira imfa. Bwanji sitiphunzitsa ana za munthu wotere?" Ndinamyankha pang'ono pokha, pakuti belu linalira. Koma mau acewo akhala akundibvuta mumtima, popeza ndaona kuti si ace okha ai. Ali m'mabuku ambiri olembedwa kunja, ndipo masiku ano afalikira pa intaneti ngati moto wa lupsa. Cifukwa cace ndafuna kuyankha bwino lomwe pano.

Poyamba tifunse: pamene tinena kuti "asilikari a Jeremani" pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 m'dera lathu lino, tikunena yani? Wowerenga angaganize za anyamata ocokera ku Berlin. Si tero ai. Nkhondo poyamba, gulu la Ajeremani m'dziko limene lero tilicha Tanzania linali ndi Azungu osakwana 300, koma anthu akuda oposa 2,000. Litakula kwambiri, ca m'ma 1916, Azungu anali ngati 3,000 ndi akuda oposa 11,000. Msilikari woyenda pansi wa Jeremani, amene anagwira mfuti nagona m'dzenje, anali Mnyamwezi, Msukuma, Mngoni kapena Myao. Ndipo ena anali athu enieni. M'caka ca 1911 Angerezi anathetsa gulu laciwiri la King's African Rifles, limene linali la anthu a Nyasaland, ndipo ena mwa amuna ocotsedwa nchitowo anaoloka Songwe kukalembetsa kwa Mjeremani, popeza malipiro ace anali abwinopo. Tsono pa 9 September 1914, pamene anathirana nkhondo pa Karonga, kunali kotheka munthu kuloza mfuti mnzace amene anaphunzira naye perete ku Zomba.

Sindikana kuti Lettow-Vorbeck anali wocenjera pa zankhondo ndi wolimba mtima. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiung'ambe mkuyuwo. Bwanamkubwa wa dzikolo, Heinrich Schnee, poyamba anafuna kuti nkhondo ya ku Ulaya isalowe m'dziko lace. Mkulu wa asilikariyu sanamvere. Iye anadziwa bwino kuti sakanatha kugonjetsa Angerezi mu Africa. Cimene anafuna ndico kuwacedwetsa kuno, kuti asilikari ao ndi zombo zao zisapite kukathandiza ku France. Kunena mosabisa, anagula mpumulo wa abale ace a ku Ulaya ndi mwazi wa anthu a kuno, amene sanadziwe ngakhale cimene mafumu a Azungu anayambanirana. Ndiponso munthu yemweyu, asanabwere kuno, anamenya nao nkhondo ya mu 1904 yoononga Aherero ndi Anama ku Namibia, nkhondo imene boma la Jeremani linabvomereza mu 2021 kuti inali yofuna kupulula mtundu wa anthu.

Tsopano tione moyo wa msilikari uja amene akuti anakonda mbuye wace. Angerezi anatseka nyanja yamcere, kotero kuti pa zaka zonsezo zombo ziwiri zokha ndizo zinafika ndi katundu wocokera ku Jeremani. Zobvala zinatha, nsapato zinatha. Anayamba kusoka nsapato za zikopa za nyama zakuthengo, ndi kumanga mabala ndi ciwondo ca makungwa m'malo mwa nsalu. Mankhwala a malungo atasowa anawiritsa makungwa a mtengo wa kwinini namwetsa anthu madzi ace owawa. Mafuta ophikira anali a mvuu, akaipeza. Malungo, kamwazi, nthomba ndi cibayo zinagwetsa anthu osaombedwa ndi mfuti, ndipo matekenya anadya zala za amuna amene anayenda ulendo wa miyezi osaona pokhala. Azungu omwe anabvutika nao, sindibisa. Ambiri anafa ndi malungo a mkodzo wakuda. Koma Mzungu akadwala anamnyamula pa macila, ndipo onyamulawo anali ndani?

M'mwezi wa October 1917 kunacitika nkhondo yoopsa pa Mahiwa. Ajeremani anapambana, koma anataya anthu oposa 500, akufa ndi obvulala, ndipo zipolopolo zinatsala pang'ono kutha. Pamenepo mkulu uja anasankha amuna amphamvu okha, nasiya odwala ndi ofooka kuti Angerezi awatole. Pa 25 November 1917 anaoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa m'dziko la Apwitikizi ndi Azungu ngati 300, asilikari akuda ngati 1,700, ndi khamu la onyamula katundu, akazi ndi ana. Kuyambira tsikulo gululo linalibe mudzi, linalibe nkhokwe, linalibe boma lolidyetsa.

Apa ndipo ndifuna owerenga aime pang'ono. Anthu zikwi zingapo, oyenda tsiku ndi tsiku kwa miyezi 10 m'dziko la eni, anadya ciani? Wina aliyense amene anasungapo alendo a maliro masiku atatu adziwa m'mene nkhokwe imatsikira. Nanga alendo a mfuti? Analanda zina kwa Apwitikizi, monga pa Ngomano ndi pa Namacurra pafupi ndi Quelimane, ndipo zimenezi ndizo mabuku akonda kusimba. Koma cakudya ca masiku onse cinacokera m'midzi. Anakokolola cimanga, mapira, cinangwa, nkhuku ndi mbuzi. Cimene sanathe kunyamula anaciononga kuti adani owalondola asacipeze. Amuna a m'mudzimo anawagwira kuti asenze cakudya cao comwe colandidwaco. M'mbuyo mwao munabwera Angerezi, naonso anjala. Sindikupeka ine zimenezi. Dokotala wao wa Ajeremaniwo, Ludwig Deppe, amene anayenda nao ulendowo, analemba m'buku lace la 1919 kuti m'mbuyo mwao anali kusiya minda yoonongeka, nkhokwe zopanda kanthu ndi njala.

Ndipo dziko limene anapondalo si lacilendo kwa ife. Pa 30 ndi 31 August 1918 anamenyana pa Lioma, pafupi ndi Gurue, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo amene anatsekereza Ajeremani pamenepo anali asilikari a KAR ocokera kuno ku Nyasaland. Kumeneko ndiko kwao kwa makolo a Alomwe ambiri amene lero adzaza m'boma lino la Chiradzulu. Theka la ana a m'kalasi mwa mnyamata uja angakhale zidzukulu za eni nkhokwezo. Ndiye ati ndiwauze anawo aombe m'manja?

Wina adzati, "Nanga ngati anali kuzunzika, bwanji sanathawe?" Funsoli ndi labwino, ndipo ndilo mzati wa nthano yonse ya msilikari wokhulupirika. Pamene gululo linatula zida pa Abercorn, pamene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918, panali Azungu 155 ndi asilikari akuda 1,168. Ciwerengero cimeneci acichula monyadira. Koma ine ndine mphunzitsi wa masamu omwe, ndipo ndifunsa: pa 11,000 aja, otsalawo anapita kuti? Ena anafa, ena anagwidwa, ena anasiyidwa m'njira, ndipo ambiri anathawa ndithu. Amene anatsalawo anadziwa kuti wothawa akagwidwa aphedwa, ndi kuti colakwa cacing'ono cilipidwa ndi cikoti ca cikopa ca mvuu. Taganizaninso za Mnyamwezi ali pa Namacurra, kutali ndi kwao ulendo wa miyezi, pakati pa anthu a cilankhulo cina amene dzulo lomwe wawalanda mbuzi, mkazi wace ndi mwana ali m'gulu momwemo, malipiro ace a zaka ali m'buku la Mzungu. Athawire kwa yani? Anali amuna olimba, akudziwa nchito yao, ndipo ena ananyadira ukulu umene mfuti inawapatsa pakati pa anzao, izi ndibvomera. Koma nkhuku yomangidwa mwendo sitiitama kuti ikonda khonde.

Ndisaoneke ngati ndikutsuka Angerezi. Nkhondo imeneyi makolo athu anaicha ya Ciwaya, potsata mfuti ija yolira mosalekeza, ndipo Melvin Page, amene anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinaiona, anacha buku lace dzina lomwelo. M'dziko lathu lokha munacoka asilikari pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga ngati 200,000, pamene anthu onse m'dzikomo anali ongopitirira 1,000,000. Mafumu anaumirizidwa kupereka anthu. Amuna anagwidwa usiku m'nyumba zao. Wina akathawira kuthengo anagwira mkazi wace kufikira atabwera. Anasenza katundu wa gulu la General Northey kukwera mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja, cakudya cosakwanira, copfunda palibe. Pa mbali ya Angerezi yokha, amtengatenga amene anafa m'nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa anali ngati 95,000. Tsiku lililonse limene "Mkango" uja anaonjezera pa kusagonja kwace linali tsiku linanso la munthu wa ku Chiradzulu pansi pa katundu. Nkhondo itatha inadza nthenda ya fuluwenza, nipeza anthu ali ofooka kale.

Ife a ku Nguludi tili ndi cifukwa cathucathu cosaiwalira. M'mwezi wa November 1914 John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma lathu lomwe lino, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda aumphawi akufera nkhondo yosakhala yao, nasiya akazi ndi ana amasiye. Boma linatsekereza mau acewo. Pa 23 January 1915 iye anaukira, ndipo pa 26 January anthu ace anatentha mishoni ya Nguludi, nabvulaza koopsa wansembe Bambo Swelsen. Kutentha nyumba ya Mulungu ndi kulasa munthu wopanda cida sindikuyamikira, ndipo sindidzayamikira. Koma cimene Chilembwe anaona pa za nkhondoyo, miyezi itatu yokha ciyambire, cinali coona, ndipo zaka zinai zotsatira zinamcitira umboni.

Onaninso m'mene mphotho inagawidwira. Lettow-Vorbeck anabwerera kwao, ndipo m'mwezi wa March 1919 analowa mu Berlin atakwera kavalo, khamu likumpfuulira. Caka cotsatira analowa nao ciwembu ca Kapp cofuna kugwetsa boma losankhidwa ndi anthu a kwao. Anakhala ndi moyo kufikira 1964, namwalira ali nkhalamba ya zaka 93. M'caka comweco boma la West Germany linatumiza ndalama kwa asilikari ace akuda amene anali akali moyo, patapita zaka 46. Za amtengatenga, a mbali zonse ziwiri, ambiri manda ao sadziwika. Mu April 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linabvomereza kuti anthu osacepera 116,000 amene anafera Angerezi pa nkhondo yoyambayo, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukidwe ndi maina ao, ndipo nduna ya boma la Britain inapepesa m'nyumba ya malamulo. Mlandu suola, koma uwu unacedwa zaka zoposa 100.

Cotero kwa mphunzitsi mnzanga uja ndayankha kuti dzina la Lettow-Vorbeck tidzaliphunzitsa ndithu, pamodzi ndi Karonga, Ruvuma, Lioma ndi Mbala, ndipo anawo adzajambula njira yonseyo pa mapu ndi kuwerenga midzi imene inali m'njiramo. Dzina la Mkango lokha ndilo ndakana. Iye sanakhutire, nati ndikucepetsa munthu wamkulu. Tsono ndamuuza kuti Loweruka lina asenze thumba la cimanga la makilogalamu 25, monga katundu wa mtengatenga, wopanda nsapato, kucokera pano kukafika ku Limbe, umene uli ulendo wa tsiku limodzi lokha. Akabwerako tidzapitirize kutsutsana. Thumbalo ndaliika kale pakhomo pa ofesi, ndipo papita masabata atatu tsopano.