Ambulansi Yabwino ndi Imene Yafika Pakhomo

Pa dziko lapansi pali magalimoto ndi makina opulumutsira anthu odabwitsa zedi. M'chaka cha 1991, zitsime za mafuta zikuyaka ku Kuwait nkhondo itangotha, amisiri a ku Hungary anafika ndi chimakina chimene anachitcha Big Wind. Anatenga kasinja wakale wankhondo, nachotsa mfuti yake, namangapo injini ziwiri za ndege yankhondo ya MiG-21, kotero kuti mphepo ndi madzi zotuluka m'menemo zinali kudula malawi monga munthu azima nyali ndi mpweya wa m'kamwa. Mu April 2019, tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame ku Paris chitagwira moto, ozimitsa moto analowetsa m'katimo kamakina kotchedwa Colossus, koyenda popanda munthu wokwerapo, kuti kathire madzi pamene denga linali kugwa. Ku Venice, mzinda umene misewu yake ndi madzi, ambulansi ndi maboti, ndipo ozimitsa moto nawonso amathamanga pa maboti.

Ambiri a ife tikaona zithunzi za zinthu zotere timagwira pakamwa n'kunena kuti anzathuwo ali ndi nzeru. Inde ali nazo, koma ife timaziyang'ana polakwika, pa kukula kwa makinawo. Nzeru yeniyeni ndi yakuti mmisiri aliyense anayamba wayang'ana malo ake ndi tsoka lake, kenaka napanga chida cholingana nazo. Munthu wa ku Venice saumirira galimoto ya matayala pamene pali madzi okhaokha, ndipo sachita manyazi kuti wodwala wake wapita kuchipatala pa boti. Amanyazi ndife. Tinakhomera m'mitu mwathu chithunzi chimodzi chokha cha chipulumutso, ndicho galimoto yoyera yoliza belu ndi kuphethira nyali, ndipo china chilichonse chosafika pamenepo timachiyesa chibwana kapena chizindikiro cha umphawi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akutiphetsa anthu.

Tiyeni nafenso tiyambe tayang'ana malo athu. Dwambazi ili kumapeto kwenikweni kwa boma la Nkhotakota, kumalire ndi Nkhata Bay. Kuvuma kuli nyanja, kuzambwe kuli mapiri, ndipo pakati pake padutsa msewu umodzi wokha wa tala, wa M5. Chipatala chachikulu cha boma lathu chili pa mtunda wa makilomita oposa 80. Midzi yambiri imafikidwa ndi tinjira ta mapazi todutsa mumchenga, m'madambo ndi m'mitsinje imene imadzaza m'dzinja. Kumapeto kwa February 2024 madzi atasefukira ku Dwangwa, anthu zikwizikwi anathawa m'nyumba zawo, msewu wa M5 unaduka, ndipo chimene chinafikira anthu otsekeredwa ndi madzi chinali boti. Masiku amenewo galimoto yokongola koposa zonse inali yopanda ntchito ngati khasu lopanda mpini.

Nkhani ya moto ndi yachidule koma yowawa. Magulu a ozimitsa moto a makhonsolo ali m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kuchokera ku Mzuzu kudzafika kwathu kuno ndi ulendo wa maola, pamene nyumba yofolera ndi udzu imatha kupsa nsima isanapse pamoto. Ngakhale mu Mzuzu momwemo, nyumba yosungiramo mabuku ya Mzuzu University inapsa mu December 2015 pamodzi ndi mabuku ake zikwi makumi angapo. Chotero wina akadzaima pa msonkhano n'kutilonjeza galimoto yozimitsa moto, tidzamumvere mwaulemu, koma tidziwe kuti yathu tili nayo kale ndipo tikuinyozera. Ndiyo ndowa, mulu wa mchenga pafupi ndi khomo, ndi udzu wolambulidwa kuzungulira nyumba ndi nkhokwe chilimwe chisanafike pachimake. Pamadoko pathu misasa ya udzu imamangidwa mothithikana, ndipo zigubu za petulo wa maboti zimagona m'nyumba imodzi ndi ana ndi mbaula. Ndi angati a ife amene adziwa kuti moto wa petulo ukathiridwa madzi umangofalikira, ndi kuti umafuna mchenga? Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sanati uyembekeze anthu a mumzinda.

Koma tsoka limene limatichezera kawirikawiri ndi matenda a mwadzidzidzi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo m'Malawi, amayi 439 anali kumwalira pa zifukwa za uchembere. Odziwa za umoyo amatchula kuchedwa kwa mitundu itatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa koyamba ndi kwachiwiri kumachitikira m'midzi mwathu, tikuona. Mayi amene wayamba kutaya magazi atachira angathe kutisiya m'maola awiri okha. Mwana wokomoka ndi malungo nayenso alibe nthawi yodikira kuti kuche. Pa maola awiri amenewo, funso lili limodzi: kodi chomunyamulira chili pafupi?

Mayankho ake anayesedwa kale, ndiponso m'dziko lathu lomwe lino. Lipoti limene linatuluka m'chaka cha 2008 linafotokoza za njinga zamoto zonyamula odwala zimene zinaikidwa pa zipatala zazing'ono zitatu za kutali m'boma la Mangochi, boma la m'mbali mwa nyanja ngati lathu. Njinga zimenezi zili ndi kabedi kambali pamene wodwala amagona. Zinafupikitsa nthawi yofikitsira mayi kuchipatala chachikulu ndi maola 2 mpaka 4 ndi theka. Ndalama zogulira ambulansi imodzi ya galimoto zikadagula njinga zotere 19, ndipo kuyendetsa njinga imodzi chaka chathunthu kunali kutenga madola 508 a ku America, ndalama zochepa pafupifupi ka 24 poyerekeza ndi za galimoto. Chinsinsi chake chinali chapafupi: njinga inali kugona pa chipatala chaching'ono pomwepo, pamene galimoto inayenera kuitanidwa kaye kuchokera ku boma, kubwera, ndi kubwereranso.

Anzathu a ku Zambia anatsika nazo mpaka pa njinga yakapalasa. M'boma la Serenje, m'zaka za 2017 ndi 2018, anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira malungo aakulu mwa ana, kupereka mankhwala oyamba a artesunate olowetsa kumbuyo, ndi kuthamangira kuchipatala ndi njinga yokoka kangolo kogonekamo wodwala. Imfa za ana odwala malungo aakulu zinatsika kuchoka pa 8 mwa ana 100 alionse kufika pochepera pa mmodzi. Njinga siinachite zimenezi payokha, pakuti panali mankhwala ndi anthu ophunzitsidwa. Komabe chimene chinafikitsa anawo m'manja mwa anamwino ndi njinga yomwe ife timaiseka ikamadutsa pamsika.

Wina adzati: "Kodi mukutiuza kuti tikhutire ndi zazing'ono? Kodi sitikhoma msonkho ngati anthu a ku Lilongwe?" Funso limeneli ndi lolungama. Boma lili ndi udindo, ndipo tisatope kulikumbutsa kudzera mwa makhansala, aphungu ndi makomiti a zipatala kuti ambulansi za galimoto zikhalepo, zokonzedwa ndi zamafuta. Pa ulendo wautali wa pa M5 galimoto ikufunika ndithu. Koma galimoto imeneyo siidzakwera phiri la kumudzi kwanu usiku wa mvula, ngakhale boma litalemera chotani. Ulendo wa wodwala uli ngati unyolo: machila kapena njinga kufika kumsewu, njinga yamoto kapena boti kufika pa chipatala chaching'ono, galimoto kufika ku boma. Mphete yoyamba ikasowa, zotsalazo zingonyamula mtembo.

Tichenjerenso ndi chikomekome cha mkuyu. Nthawi ya kampeni timavinira maambulansi olembedwa maina a opereka ndi zilembo zikuluzikulu, koma palibe amaimirira kufunsa kuti mafuta, matayala ndi malipiro a dalaivala zidzachokera kuti chaka chamawa. Si chinsinsi kuti m'dziko muno achibale a wodwala nthawi zina amauzidwa kuti agule okha mafuta, ndi kuti kuseri kwa zipatala zambiri kuli maambulansi okhala pa miyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Si chinsinsinso kuti ina imagwidwa itanyamula makala, nsomba kapena anthu opita ku misonkhano. Amene atuma ambulansi ku ntchito zake waba nthawi ya munthu wina amene mwina alibe ina yotsala. Pa nyanja yathu yomwe ino tili ndi phunziro. Sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1901, inasonkheredwa ndalama zambiri kuyambira 2009 kuti isanduke chipatala choyandama, koma ntchitoyo inaima panjira. Ndi maboti angati aang'ono onyamula odwala amene akadayenda pa nyanjayi ndi chuma choterocho?

Palinso chopinga china chimene sitingachikankhire boma. Kafukufuku amene anachitika ku Nsanje, nasindikizidwa m'chaka cha 2001, anapeza kuti amayi apakati ambiri sanali kufuna kukwera njinga zonyamula odwala, poopa kuti mudzi wonse udziwa kuti nthawi yawo yakwana. Mantha amenewa tikuwadziwa bwino kunonso. Timati anthu oipa mtima akadziwa amanga mimba, ndipo chifukwa cha ichi mayi amabisidwa m'nyumba kufikira zinthu zitathina. Inu amayi aakulu, anankungwi ndi apongozi, mawu anu amamveka m'chipinda chimene ife amuna sitilowa. Ulemu wa mayi wapakati ndi chinthu chabwino, ndipo kangolo kakhoza kufoleredwa ndi chinsalu kuti asaonedwe ndi odutsa. Angathenso kupita kuchidikiro masiku akadalipo, akuyenda ndi miyendo yake. Koma chinsinsi chimene chithera kumanda chasunga yani? Nanunso abambo, amene mumachezera panyanja kuwedza usipa, musiye mawu musanakwere bwato: zikavuta, anyamuke osadikira inu kapena amalume.

Tsopano tinene chimene chitichititsa manyazi koposa. Munthu akamwalira m'mudzi, zonse zimayenda msanga modabwitsa. Uthenga umafika kutali dzuwa lisanakwere, mbale ya chipepeso imazungulira, ufa ndi nkhuni zimasonkhedwa, adzukulu amalawirira kumanda, ndipo galimoto yonyamula maliro imapezeka ngakhale mtembo uli ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Amene sanabwere amaitanidwa kubwalo la mfumu. Mwambo umenewu ndi wokoma ndipo usathe. Koma munthu yemweyo, dzulo lake ali moyo, anasowa ndalama ya kabaza, ndipo mwini galimoto amene lero wapereka galimoto yake mwaulere anatchula mtengo umene banja silikadaukwanitsa. Tili ndi dongosolo lathunthu loperekezera akufa, ndipo tilibe ngakhale theka lake lothamangitsira amoyo. Umphawi sungakhale chifukwa chake, pakuti ndalama za bokosi zimachokera m'matumba omwewo. Pepani sapoletsa chilonda.

Chofunika kuchita sichiposa mphamvu zathu. Mudzi uliwonse, kapena mphakati uliwonse pamodzi ndi anansi a mipingo ina ndi Asilamu, ukhale ndi thumba la ulendo wa odwala, losonkhedwa nthawi yokolola mpunga ndi chinangwa kapena usipa ukagwa, ndipo ndalama zake ziziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi. Anyamata a kabaza awiri kapena atatu agwirizane ndi mudzi pa mtengo wodziwika wa usiku, ndipo manambala awo akhale m'nyumba iliyonse, kuti pasakhale kunenerera mtengo mayi akubuula. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, mwini boti la injini mmodzi apemphedwe kusunga mafuta apadera amene thumba lidzabweza. Kumene kuli njinga yonyamula odwala, pasankhidwe munthu woisunga ndi woikonza, pakuti zambiri za njinga zimenezi zimafera pakhonde chifukwa cha chubu chimodzi chophulika chimene aliyense anayesa kuti agula mnzake. Ndipo mfumu imene imalipitsa wojomba kumaliro ilipitsenso wokana kugwira machila.

Tipitirize kupempha magalimoto, misewu ndi milatho, pakuti ndi zoyenera ife monga nzika zina zonse. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwezi uno usanathe, funso ili lifunsidwe pabwalo la mfumu ndi pa msonkhano wa mphakati: wina akadwala mwakayakaya usiku wa lero, adzamunyamula ndani, pa chiyani, ndipo ndalama zake zili m'manja mwa yani? Ngati pabwalopo pakhala chete, musabalalike kufikira mutatchula maina.