Chinsinsi cha Kasitomala Amachiteteza, Nanga Mapapo Anu?

Inu amene mumakolopa m'nyumba za ku Johannesburg ndi kuthyola malalanje m'mafamu a ku Limpopo, mwina simunapondemo mu data centre, chinyumba chomwe makompyuta zikwizikwi amasungiramo mauthenga a mabanki ndi a pa intaneti usana ndi usiku. Komatu zinyalala zake zikhoza kukupezani.

Makinawa akakalamba amachotsedwa. Zipangizo zosungira mauthenga amazifufuta kapena kuziphwanya mosamala kwambiri, pakuti lamulo la POPIA limalola chindapusa chofika R10 miliyoni chinsinsi cha makasitomala chikaululika. Nanga mawaya ndi mabatire? Zina zimapita kwa akatswiri ovomerezeka. Zina zimagulitsidwa ndi kugulitsidwanso, mpaka kufika kwa wogula zitsulo zakutha amene amalemba waganyu, mwina mbale wanu, kuti aziphwasule ndi manja. Lipoti la United Nations likusonyeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala zotere, ndipo zomwe zinadziwika kuti zakonzedwa moyenera sizinafike gawo limodzi mwa magawo anayi.

Khalidwe lomweli lili pantchito panu. Madamu akakupatsani batire yakufa ya inverter ngati mphatso, kapena bwana wa pafamu akakuuzani kuti muwotche mawaya kuti mkuwa utsale, akukusenzetsani katundu amene iwo safuna kulipira. M'batire muli asidi ndi mtovu. Fumbi la mtovu limakakamira pa zovala, nkukalowa m'chipinda chomwe mwana wanu amagona, ndipo limawononga ubongo wake mwakachetechete. Utsi wa pulasitiki ya mawaya umapweteka mapapo.

Ena adzati mkuwa ndi ndalama. Zoonadi. Koma ndalama ya tsiku limodzi singalipire impso zowonongeka, ndipo mukadwala, amene adzakusamaleni ndi abale kumudzi, osati mwini makina.

Kuyambira mu 2021, malamulo a ku South Africa amaletsa kutaya zipangizo zamagetsi kudzala, ndipo udindo wozitolera anaupereka kwa makampani ozipanga ndi oziitanitsa. Udindowo si wanu. Musang'ambe batire, musawotche waya. Akakukakamizani, lembani tsiku ndi zomwe anakutumani, nkukauza bungwe la ogwira ntchito. Chichokereni chigamulo cha mlandu wa Mahlangu mu 2020, nawonso antchito a m'nyumba ali ndi ufulu wa chipukutamisozi akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito.

Amene ali ndi ndalama zotetezera chinsinsi cha kasitomala alinso ndi ndalama zotetezera thupi la wantchito.