Udzudzu Sufalitsa Kadoyo ka HIV, Tileke Kupatula Odwala

Mvula ikayamba, minda ya mpunga ya kuno ku Chama nkudzala madzi, udzudzu umaculuka m'makomboni mwathu. Pamodzi ndi udzudzuwo pamabwera funso lakale: kodi ukaluma munthu amene ali ndi kadoyo ka HIV, nkudzaluma ine, sindingatenge matendawa? Yankho ndi lakuti iyai. Koma popeza mantha amenewa akugonetsa abale athu kukhichini kapena m'kacipinda kaokha, nkofunika kuti tidziwe cifukwa cake.

Awerengi, tizilombo touluka nato tiri ndi citetezo ca m'thupi. M'mimba mwa udzudzu muli timadzi tamphamvu timene a sayansi amati maenzaimu. Nchito yake ndi kugaya ndi kuphwanya. Ena amagaya magazi amene udzudzu wamwa. Ina, yochedwa lysozyme, imaboola khungu la mabakiteriya. Iyi anaitulukira Alexander Fleming mu 1922, ndipo ife anthu tiri nayo m'misozi ndi m'malovu. Inanso, yochedwa Dicer, imaduladula mbeu ya mavairasi amene ayamba kuswana m'thupi la udzudzu.

Kadoyo ka HIV kamaswana m'maselo ena a magazi a munthu, amene udzudzu ulibe. Kakalowa m'mimba mwa udzudzu kalibe pokhala, ndipo kamagayidwa pamodzi ndi magaziwo monga cakudya. Ndiponso udzudzu si nyeleti ya jekeseni. Kukamwa kwake kuli tinjira tiwiri: kena kokokera magazi, kena kolavulira malovu. Cimene umasiya mwa inu ndi malovu ake, osati magazi a munthu amene unamuluma poyamba.

Umboni wina tiri nao m'nyumba zathu zomwe. Udzudzu susankha msinkhu. Umaluma ana a sukulu ndi agogo omwe. Cikhala kuti umanyamula HIV, bwenzi ana a zaka 5 mpaka 14 akudwala AIDS monga momwe amadwalira malungo. Koma sizitero. Ku Belle Glade m'dziko la America anthu anali ndi mantha omwewa, ndipo ofufuza a boma anatulutsa zotsatira mu 1988 zoonetsa kuti matendawa anafala mwa kugonana ndi kubwerekana nyeleti, osati mwa udzudzu.

Zoyenera kuopa ndi tudoyo timene timapulumuka citetezo cimeneci. Ta malungo timaboola mimba ya udzudzu, timaswana, ndipo pakapita masiku 10 mpaka 14 timafika m'malovu. Mavairasi a yellow fever ndi dengue naonso amatha kuswana mu udzudzu. Cimodzimodzi kashembe, nchenche ya tsetse ya m'cigwa ca Luangwa: nchenche zambiri zimapha tudoyo ta kaodzera m'mimba mwao, koma zowerengeka zimalephera, ndipo izo ndizo zimadwalitsa anthu. Mtundu wa kaodzera wa kuno unadziwika mu 1910 mwa munthu amene anautenga m'cigwa comweci.

Tsono maganizo anga ndi awa. Banja limene limapatula wodwala cifukwa coopa udzudzu limalakwa pawiri. Coyamba, limamucititsa manyazi popanda cifukwa, ndipo munthu wamanyazi amabisa mankhwala ake a ma ARV kapena kuleka kukatenga kucipatala. Caciwiri, wopatulidwayo kawirikawiri amagona popanda neti, pamene iye ndiye afunika neti koposa, pakuti malungo amakula msanga mwa munthu amene citetezo cake catsika. Timathawa ngozi imene kulibe, nkumusiya m'kamwa mwa ngozi yeniyeni.

Ena adzati kusamala sikulakwa. Nzoona, koma tisamale poyenera. HIV imafala mwa kugonana kosadziteteza, mwa magazi a pa nyeleti ndi malezala obwerekana, ndiponso kucokera kwa mai kupita kwa mwana. Bambo amene anena kuti "unandiluma ndi udzudzu" angotseka nkhani imene ayenera kukambirana ndi akazi ao, kuti onse awiri akapimitse.

Ticite izi m'nyumba zathu. Aliyense agone m'neti ya mankhwala usiku uliwonse, makamaka ana ang'ono, amai apakati ndi amene ali ndi HIV. Kwirirani zithaphwi pafupi ndi nyumba. Thupi likatentha, pitani kucipatala tsiku lomwelo mukapimitse magazi. Ngati munali ku Chikwa, ku Chifunda kapena kwina m'cigwa ndipo kutentha sikutha mutamwa mankhwala a malungo, uzani a cipatala kuti munalumidwa ndi kashembe, pakuti kaodzera wa kuno amapha m'miyezi yocepa akapanda kucizidwa.

Mbale wanu wodwala mbwezereni m'nyumba. Idyani naye, gonani naye cipinda cimodzi, ndipo neti yabwino ikhale yake.